Moni Wopinda ndi Manja: Mawu kwa Ana a ku Mzimba Opita kwa Eni

Ana anga ndi adzukulu anga, inu amene mukudikira pasipoti, ndi inu amene mudaoloka kale Limpopo, senderani kuno ndikuuzeni kanthu kamene sikalembedwa pa bolodi kusukulu. Mzimba ndi boma la anthu oyenda. Kuchokera ku Jenda kudzera ku Embangweni, Edingeni ndi Manyamula mpaka pa Boma pano, n'kovuta kupeza mudzi wopanda mwana ku Joni. Nyumba zamalata, zigayo, magolosale ndi njinga zamoto zimene mukuzionazi, zambiri ndi thukuta la m'mabwalo a maluwa ndi m'makhitchini a ku Johannesburg. Pokutsazikani timakulangizani za ndalama, za zikalata za pachipata, za mowa ndi za matenda. Zonsezo n'zofunika. Koma chilipo china chimene timachisiya m'mbuyo: kudziwa tsiku lalikulu la munthu amene mukukhala naye, ndi kumpatsa moni pa tsikulo mwa njira imene mwini wakeyo angaione kuti ndi ulemu. Ndikufuna ndikuphunzitseni zimenezi kudzera m'chinthu chotsika mtengo zedi: pepala lopinda pakati, lokongoletsedwa ndi kulembedwa ndi dzanja lanu.

Chitsanzo changa nditenga Ayuda. Musadabwe. Ambiri a ife timangomva za Ayuda m'tchalitchi, ngati kuti mbiri yawo idathera m'buku la Machitidwe a Atumwi, chikhalirecho ana athu ena amasesa mabwalo awo m'mawa uliwonse. Ku South Africa kuli Ayuda pafupifupi 50,000, ndipo oposa theka ali ku Johannesburg, m'madera monga Glenhazel, Sydenham ndi Norwood. Ena ali ku Cape Town, makamaka cha ku Sea Point. Mu Novembala 2023 achinyamata 221 a kuno kwathu adakwera ndege kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, ena n'kumatsatira pambuyo, ndipo mu Epulo 2024 dziko lathu lidatsegula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv. Choncho kwa mwana wa ku Mzimba, Myuda si munthu wa m'nkhani zamakedzana. Akhoza kukhala bwana wanu, mnansi wanu, dokotala wanu, kapena gogo amene mukumusamalira.

Ndisanafike pa kapindidwe ka pepala, imvani kumene mwambowu udachokera, pakuti mukaumva mudzaona kuti si wachilendo kwa ife. Khadi la Khirisimasi loyamba kugulitsidwa lidasindikizidwa ku London mu 1843, mwa nzeru za Henry Cole. Koma Ayuda adali atayamba kalekale kufunirana chaka chabwino m'makalata. Mphunzitsi wawo wamkulu wa ku Mainz m'dziko la Germany, Yaakov Moelin, wodziwika ndi dzina loti Maharil, amene adamwalira mu 1427, adalangiza kuti munthu polemba kalata m'mwezi wotsiriza wa chaka chawo, asaiwale kumufunira mnzakeyo chaka chabwino. Mu 1869 a positi a ku Austria adayambitsa makhadi otumiza opanda envulopu, otchipa, ndipo mwambowo udafika ndi kwa amphawi omwe. Patangopita zaka zochepa, Ayuda a kum'mawa kwa Ulaya adayamba kuthawa umphawi ndi chizunzo. Pakati pa 1881 ndi 1924 oposa 2 miliyoni adaoloka nyanja kupita ku America. Ena zikwizikwi, makamaka a ku Lithuania, adatsikira ku South Africa, kutsata golide yemweyo amene adakoka agogo athu. Makhadi a chaka chatsopano osindikizidwa ku Germany, ku Warsaw ndi ku New York adadzaza matumba a positi, ambiri ali ndi zithunzi za sitima zapamadzi ndi za anthu olandirana padoko. Mwamuna amene adasiya mkazi ndi ana ankalemba mizere iwiri yokha, koma uthenga wake udali waukulu: ndili moyo, sindidakuiwaleni. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itasesa midzi ya Ayuda, ku Lithuania kudaphedwa oposa 9 mwa 10 alionse. M'mabanja ena a ku Johannesburg, chimene chidatsala cha abale awo ndi zithunzi, makalata ndi makhadi a m'kabokosi basi.

Nanga ife a ku Mzimba zoterezi sitikuzidziwa? Agogo anu adapita kumigodi pa Wenela, ena pa selufu, kuyenda pansi miyezi yathunthu. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo a Kamuzu Banda adaimitsa ulendowo. Pambuyo pake anthu adayambanso kupita pa Theba mpaka mu 1988. M'masiku amenewo kalata idali chuma. Mayi ankayenda mtunda kupita ku positi ofesi kapena ku mishoni kukafunsa ngati kwabwera kanthu. Akaipeza ankasaka mwana wasukulu kapena aphunzitsi kuti amuwerengere, kenaka n'kuisunga m'kati mwa Baibulo kapena pansi pa sutikesi. Chimene chinkaliza akazi a matchona sikudali kukhalitsa kwa amuna awo. Kudali kukhala chete kwawo.

Lero muli ndi foni, ndipo sindikuinyoza. Yatithandiza pa maliro, pa matenda ndi pa kutumiza ndalama. Koma chithunzi cha maluwa chimene mwangochikankhira pa WhatsApp kwa anthu onse a m'foni mwanu, wolandira aliyense amadziwa kuti sichidakudyereni nthawi. Khadi lopanga nokha limanena zimene foni singanene: kuti madzulo ena, mutaweruka ndipo mutatopa, mudakhala pansi n'kuganizira munthu mmodzi yekha.

Tsono ntchitoyi imayamba ndi kufunsa, lumo limabwera pambuyo. Safunsa adadya phula. Masiku a Ayuda sayendera kalendala yathu. Amawerengera mwezi wakumwamba, motero deti imasuntha chaka ndi chaka, ndipo tsiku lawo limayamba dzuwa likamalowa, osati pakati pa usiku. Tsiku la makhadi kwenikweni ndi Rosh Hashanah, chaka chawo chatsopano, chimene chimagwa mu Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala, nyengo imene kuno mitengo ya m'nkhalango ya Perekezi imaphuka masamba ofiira ife tikusosa m'minda. Chaka chawo cha 5786 chidayamba madzulo a pa 22 Seputembala 2025, ndipo cha 5787 chiyambi chake ndi madzulo a pa 11 Seputembala 2026. Chikondwererochi chimatenga masiku awiri. Inu owerenga Baibulo mudzachipeza pa Levitiko 23 ndi Numeri 29, tsiku loliza malipenga. Mpaka lero m'masunagoge amaliza nyanga ya nkhosa yamphongo, imene amaitcha shofar. Kunyumba amadya apulo woviika mu uchi pofuna chaka chokoma, buledi wozungulira, ndi makangaza, zipatso zija za njere zambiri zofiira.

Pa tsiku la 10 la mwezi wawo womwewo pamabwera Yom Kippur, Tsiku la Chitetezo. Limenelo si la chisangalalo. Amasala chakudya ndi madzi omwe kwa maola pafupifupi 25, akulapa ndi kupemphana chikhululukiro. Pamenepo khadi la maluwa ndi mabaluni n'losayenera. Kumufunira munthu pakamwa kuti kusalako kumuyendere bwino n'kokwanira. Pakapita masiku 5 chimayamba Chikondwerero cha Misasa, chimene amati Sukkot. Inu ogwira ntchito za pabwalo mwina mudatumidwapo kudula masamba a kanjedza ofolera kamsasa kuseri kwa nyumba, osadziwa kuti n'chifukwa chiyani anthu okhala ndi nyumba yabwino akudyera panja. Amakhala akukumbukira makolo awo amene adagona m'misasa m'chipululu atatuluka mu ukapolo. Cha mu Disembala pamabwera Hanukkah, masiku 8 oyatsa makandulo, kukumbukira kuyeretsedwa kwa kachisi wa ku Jerusalem m'masiku a Amakabeo, zaka zoposa 160 Khristu asadabadwe. Ngakhale imagwa pafupi ndi Khirisimasi, si Khirisimasi ya Ayuda ayi, musazisakanize. Ndipo cha mu Malichi kapena Epulo pamabwera Pesach, Paska wawo, pamene m'nyumba amachotsamo chilichonse chotupitsa, kufikira nyenyeswa za buledi za m'matumba a jekete.

Mukadziwa tsiku, dziwaninso zopewa. Pa khadi la Myuda musajambulepo mtanda, musalembepo za Yesu, musaikepo ndime ya Chipangano Chatsopano. Sindikuti muchite manyazi ndi chikhulupiriro chanu. Ine ndidakulira mu Sinodi ya Livingstonia ndipo ndidzafera momwemo. Koma khadi ndi moni, si ulaliki. Anthuwa adavutika zaka mazanamazana ku Ulaya pokakamizidwa kusiya chipembedzo chawo, ndiye mtanda woikidwa pa khadi la tsiku lawo sauona m'mene inu mukuuonera. Musalembenso dzina la Mulungu, lija timalitchula momasuka m'nyimbo zathu. Ayuda osunga mwambo salitchula, ndipo pepala limene lalembedwa dzinalo m'Chihebri salitaya kudzala: amalisunga padera, pambuyo pake n'kukalikwirira mwaulemu. Mukalilemba mwamusenzetsa munthu katundu. Ndale nazo zisiyeni kunja. Nkhondo ya ku Gaza yagawa anthu, ndipo mu Disembala 2023 boma la South Africa lidatengera dziko la Israel ku khoti lalikulu la ku The Hague. Maganizo anu pa nkhaniyo ndi anu, ndipo Ayuda eni ake sagwirizana onse. Koma gogo amene mukumufunira chaka chabwino si boma, choncho mbendera ndi mawu a ndale zilibe malo pa khadi. Kumbukiraninso kuti Ayuda sasunga mwambo mofanana. Ena amasunga chilichonse, ena pang'ono, ena sapita ndi kusunagoge komwe. Yang'anani za m'nyumbamo, ndipo pamene simukumvetsa funsani mwaulemu. Munthu sakwiya ukamufunsa za mwambo wa kwawo, amakondwa.

Tsopano tigwire ntchito. Zida zake zonse pa Boma pano zilipo, ndipo ku Joni n'zosasowa: pepala lolimba la manila, loyera kapena lotuwirako, pepala lopyapyala la A4 loika m'kati, lula, pensulo, lumo kapena lezala latsopano, guluu, ndi bolopeni imene inki idatha. Zokongoletsera musagule. Matelala a pamsika amasesa tizidutswa ta zitenje madzulo alionse, ndipo makungwa ouma a nthochi ali kudimba.

Yambani ndi kusamba m'manja, pakuti chala chimodzi chamafuta chimaononga ntchito ya usiku wonse. Dulani manila kukula kwa A4, masentimita 21 m'lifupi ndi pafupifupi 30 m'litali. Yezani pakati penipeni, kumtunda ndi kumunsi, muike timadontho ta pensulo. Gonekani lula pa timadonthoto, ndipo kokani mzere ndi bolopeni youma ija, mukukanikiza pang'ono kuti pakhale kanjira koma osaboola. Kenaka pindani motsata kanjirako, makona akumane, n'kusalaza msanawo ndi kumbuyo kwa supuni. Apa ndi pamene pamasiyanira khadi la mmisiri ndi la wothamanga. Pepala lolimba lopindidwa ndi zala zokha limang'aluka pamsana, ndipo ukaliimika patebulo limapendekera. Mukafuna makhadi ang'onoang'ono olowa mu envulopu wamba, dulani A4 pakati, chidutswa chilichonse muchipinde chimodzimodzi, mupeza awiri.

Kumaso kwa khadi ikanipo chithunzi chimodzi chokha. Achinyamata mumakonda kudzaza: maluwa, mitima, nyenyezi, zonse pamodzi. Siyani malo oyera m'mbali kuti diso lipume. Pa Rosh Hashanah, khangaza ndi losavuta ndipo limakongola. Ikani kapu pa kansalu kofiira, zungulizani pensulo, dulani, ndipo pamwamba pake muikepo kachipewa ka mano atatu kapena asanu. Mungathenso kudula apulo ndi kanjuchi pambali pake. Ngati dzanja lanu lakhwima, dulani nyanga yokhota pa khungwa la nthochi, pakuti mtundu wake ndi mizere yake zimafanana ndithu ndi nyanga yeniyeni. Khungwalo sankhani limene laumira pa mtengo. Lipukuteni ndi kansalu konyowa, palani zofewa za m'kati ndi mpeni mpaka lipyapyale, ndipo mulitsindire ndi simbi yofunda kuti liwongoke.

Mukafuna nyenyezi ya nsonga 6, imene amaitcha ya David, musaijambule mongoyerekeza, imatuluka yopotoka. Tengani kampasi ya m'kabokosi ka masamu, jambulani bwalo, ndipo osasintha kutanuka kwa kampasiyo, yendani nayo m'mphepete mwa bwalolo mukuika timadontho. Tikwana 6 ndendende. Lumikizani dontho loyamba, lachitatu ndi lachisanu, kenaka lachiwiri, lachinayi ndi lachisanu n'chimodzi. Nyenyezi yatha. Masamu a ku sekondale aja mumati alibe ntchito, ntchito yake ndi imeneyi. Pa Hanukkah jambulani makandulo, koma muwerenge bwino: amakhala 9, asanu ndi atatu ofanana msinkhu, limodzi lokwererapo limene amayatsira anzakewo. Choikapo nyale cha nthambi 7 ndi china, ndicho cha m'kachisi. Mwana wa m'nyumbamo adzawerenga makandulo anuwo musanakhale n'komwe pansi.

Guluu ndi wochepa amene amagwira bwino. Mupakeni ndi kachidutswa ka katoni mpaka m'mphepete mwa chodulidwacho, mopyapyala. Akachuluka pepala limachita makwinya ndipo nsalu imadetsedwa. Ngati wa m'sitolo palibe, sungunulani supuni imodzi ya ufa wosalala wa chinangwa m'theka la kapu ya madzi, vundulani pa moto wochepa mpaka phalalo linande, lizizire. Koma phala la ufa wa tirigu musamatire khadi la Pesach, chifukwa ndi zomwezo zimene eni nyumba atha sabata akuzichotsa. Mukamata, phimbani ndi pepala loyera, tsindirani ndi mabuku olemera, ndipo mulisiye ligone mpaka m'mawa. Musamalisuzumire. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Amene mukufuna khadi loti likatsegulidwa chithunzi chidzuke, njira yake nayi. Pindani pakati pepala la m'kati lija. Kuchokera pamsana wopindawo dulani mizere iwiri yoyandikana, yotalika masentimita 3, yotalikirana masentimita 2. Tsegulani pepalalo n'kukankhira kachidutswa ka pakatiko m'kati kuti kakhale ngati kampando. Pa kampandoko matanipo apulo wanu kapena khangaza. Kenaka matani pepala lonselo m'kati mwa manila, misana ikumane, koma kampandoko musakapake guluu. Yesani kutseka ndi kutsegula musanamate, kuti muone ngati chithunzicho sichikutulukira kunja.

Za zilembo za Chihebri ndikuchenjezeni. Zimalembedwa kuchokera kudzanja lamanja kupita kumanzere, ndipo khadi lolembedwa m'Chihebri limatsegukira mbali imene ife timaiona ngati kumbuyo. Zilembo zina zimafanana kwambiri, kusiyana kwake ndi kamchira chabe, ndipo zokopera pa foni nthawi zina zimatuluka zotembenuzika. Ngati palibe wodziwa woti akuonereni, zisiyeni. Lembani m'zilembo zathu zomwezi. Pa chaka chatsopano moni wake ndi Shanah Tovah, ndiko kuti chaka chabwino. Pa Sukkot, pa Pesach ndi pa Hanukkah mungalembe Chag Sameach, kumufunira chikondwerero chosangalatsa. Lembani ndi pensulo poyamba, mopepuka, pa mizere yowongoka, kenaka mudutsemo ndi inki, ndipo mufufute pensuloyo inki itauma.

M'kati mwa khadi, mawu akhale ochepa koma anu. Yambani ndi dzina la munthuyo monga mmene mumamutchulira mwaulemu. Pambuyo pa moni, onjezani chiganizo chimodzi choona, chimene sichingalembedwe kwa wina aliyense: kuthokoza kuti adakulolani kupita kumaliro a bambo anu, kapena kufunira mphamvu gogo amene wangotuluka m'chipatala, kapena kuyamikira mwana amene wakhoza mayeso. Ngati palibe chachikulu choti muthokoze, musapeke. Moni wokha ndi wokwanira. Pansi pake mungaikepo mawu amodzi a kwathu, a Chitumbuka kapena a Chichewa, pakuti ulemu umayenda mbali ziwiri: mwalemekeza za kwawo, nawonso adziwe kuti inu muli ndi kwanu. Ndipo sainani dzina lanu lenileni ndi chiwongo chanu, osati kadzina kachidule kamene adakupatsani kuntchito poona kuti lanulo likuwavuta. Ndinu ana a anthu. Ena a inu makolo anu adachoka kumwera komweko ndi Zwangendaba, n'kuoloka Zambezi mu 1835. Dziko limene mukutchedwamo alendolo, makolo anu adalipondapo kale. Munthu wodziwa zimenezi salemba khadi chogwada.

Chinthu chimodzi musachiyerekeze: kupempha kanthu m'khadi. Za kukweza malipiro, za ngongole, za ntchito ya mng'ono wanu, zili ndi tsiku lake ndi pakamwa pake. Mukaziphatikiza ndi moni, munthu amaona kuti khangaza lanu lija lidali nyambo, ndipo chaka chamawa adzalandira khadi lanu akuyang'ana kumbali.

Kapatsidwe nakonso n'kofunika. Perekani khadi kudakali masiku awiri kapena atatu, osati pa tsiku lenilenilo. Kwa Ayuda osunga mwambo, pa Sabata ndi pa masiku opatulika salemba, sagwira ndalama, sayankha foni, ndipo ambiri sang'amba ndi envulopu yomwe. N'chifukwa chake ndi bwino kungolowetsa chivindikiro cha envulopu m'kati, osamata. Perekani ndi manja awiri monga mudaphunzirira kwanu. Chakudya chophika nokha musaphatikizepo, chifukwa malamulo a m'khitchini mwawo ndi ambiri: nyama ndi mkaka sizikumana, nkhumba silowa. Mukafuna kuonjezera kamphatso, kabotolo ka uchi kosatsegula, kokhala ndi chizindikiro chosonyeza kuti n'kovomerezeka kwa iwo, n'koyenera pa chaka chatsopano. Ngati mudabwerako ndipo mukutumiza muli kuno, musadikire sabata yomaliza. Ikani khadilo pakati pa makatoni awiri, kulungani m'pulasitiki, ndipo mupatse munthu wodalirika mwa aja amayenda ndi katundu pakati pa Mzimba ndi Joni kudakali mwezi wathunthu.

Ndikudziwa zimene ena a inu mukunena chamumtima: agogo akutiphunzitsa kunyambita mabwana. Ayi. Malipiro ndi malipiro, ndipo ndi ufulu wanu. Bwana amene akukuberani maola kapena kukuchotsani mopanda chilungamo, khadi silingamukonze, kaya ndi wa mtundu wanji kapena wa chipembedzo chanji. Wotereyo malo ake ndi ku CCMA, kumene kumamvedwa madandaulo a antchito ku South Africa. Khadi limene ndikunenali silichokera kwa wantchito kupita kwa bwana. Limachokera kwa munthu kupita kwa munthu mnzake. Wina adzaliika pamwamba pa kabati zaka zambiri, wina adzaliiwala patebulo tsiku lomwelo. Zimenezo zisakudetseni nkhawa. Kupatsa n'kuika, ndipo chimene mwaikacho si kwa iye yekha: mwaika dzina labwino la kwanu, limene mng'ono wanu adzalipeza akadzagogoda pa geti lomwelo.

Ndipo dzanja limene laphunzira kulemekeza alendo lisaiwale kwawo. N'zochititsa manyazi kudziwa deti ya Rosh Hashanah koma osadziwa kuti pa 15 Okutobala ndi Tsiku la Anakubala. Mayi anu ndalama za pa foni amazilandira ndi kuzidya, zimatha. Khadi lolembedwa ndi mwana wawo amalionetsa kwa amayi anzawo a Umanyano mpaka litathetheka. Pano pa Boma tili ndi Asilamu amene timagula nawo pamsika: kodi mudawafunirapo zabwino pa Idi? Tili ndi a Sabata amene timawaitanira misonkhano Loweruka osaganiza. Mu Ogasiti timasonkhana pa phiri la Hora pa Umthetho, pamaso pa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa V, ndipo alendo amabwera kuchokera ku Zambia, ku South Africa ndi kwina. Mwambo umene ndakuphunzitsaniwu ndi umodzi kwa onsewa: funsa tsiku la mnzako, dziwa chimene amalemekeza ndi chimene amapewa, ndipo umupatse moni m'njira yake.

Kwa inu amene simukupita kulikonse, lusoli likhoza kukugulirani sopo. Taonani Chikangawa. Mahekitala oposa 50,000 a paini adadzalidwa pa Viphya n'cholinga choti Malawi adzakhale ndi fakitale ya mapepala, koma fakitaleyo sidamangidwe, ndipo mpaka lero mapepala athu ambiri timagula kunja. Komabe ku Blantyre a bungwe la PAMET adaonetsa kuti pepala lokongola lingapangidwe ndi manja kuchokera ku mapepala otayidwa ndi ulusi wa zomera monga nthochi, n'kupangira makhadi ogulitsa. Maukwati, zinkhoswe, otsiriza maphunziro ndi alendo obwera ku mishoni, onsewo amafuna makhadi. Koma wogula amayang'ana ukhondo: msana wowongoka, makona ofanana, guluu wosaonekera. Yambani ndi ochepa, abwino, ndipo mtengo wake muwerengere nthawi yanu.

Ana anga, akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza. Kwa eni mudzakumbukiridwa ndi zinthu ziwiri: ntchito ya manja anu ndi ulemu wanu. Choncho sabata ino funsani munthu mmodzi amene mumakhala naye koma simupemphera naye kuti tsiku lake lalikulu ndi liti, ndipo mulilembe. Likamayandikira, gulani manila, khalani pansi, mumupangire khadi. Mukatha limenelo, pangani lachiwiri la mayi anu.